Masamba Awiri Oti Muwotche

Kwa Kadzimete,
Bembeke, Dedza.
Lolemba, 16 Epulo 1979.

Okondedwa achemwali a Magadalena,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Kitwe, inu pamodzi ndi alamu a Alufeo ndi ana. Ndikhulupirira kuti chifuwa chija cha alamu chinaleka ndipo anabwerera kumgodi. Ife kuno tadzuka. Kuzizira kwayamba msanga chaka chino, nkhungu ikumachoka m'phiri cha m'ma 9 koloko. Nyemba takolola, kachewere wachita bwino, koma chimanga cha kumunda wa kumtunda chinagwa ndi mphepo ya mwezi watha.

Dzulo, Lamulungu la Pasaka, titabwerako ku Misa, tinakhala pansi pakhonde la achimwene a Rafaelo kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Analipo ndi awa: achimwene a Rafaelo, mwana wanu Bernadetta, ndi ine. Akazi awo a achimwene anadutsa kawiri kudzatenga lichero, koma sanakhale. Zimene tinakambirana ndizo zandilembetsa kalatayi. Muwerenge muli nokha. Maso akavuta, akuwerengereni alamu, osati munthu wina.

Ndiyambira kumbuyo, ngakhale zina mukuzidziwa.

Mukudziwa mmene Bernadetta amalembera. Timamumangirira cholembera kudzanja lamanja ndi mphira ya chubu cha njinga, popeza zala zinamatirirana atapsa ndi moto uja wa mu Juni 1959. Amalemba zooneka bwino, koma mzere umodzi umamutengera mphindi zitatu. Kupulayimale ndi kusekondale masisitere ankamudikira. Ku yunivesite ku Zomba sadikira munthu. Mphunzitsi amalowa, amayankhula ola lathunthu, nkutuluka. Chaka choyamba mwanayu anadalira makope a anzake ndipo anakhoza movutikira. Ndiye akuluakulu a sukulu anavomera kuti chaka chachiwiri abwere ndi munthu womulembera m'kalasi.

Ine ndinasiya ukalaliki wa kumacheka a m'phiri la Dedza, kumene ndinagwira zaka 17, ndipo ndinayamba kumulembera Lolemba pa 2 Okutobala 1978. Malo ogona ndinapeza kwa bambo wina wa ku Mayani amene amaphika kukhitchini ya ophunzira. M'kalasi ndimakhala pampando wa kumbuyo kwa Bernadetta, kope lili pabondo.

Sukulu yanga ndi ya Sitandade 8, ndipo Chingelezi cha aphunzitsi a kumeneko ndi chothamanga. Mawu amene sindikuwadziwa ndimalemba monga amvekera m'khutu. Masana tikatha kudya tinkakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa nyumba ya mabuku, iye nkumawerenga, ine nkumakonza. Masabata oyamba ankaseka mpaka misozi. Ankati amalume, Chingelezi chanuchi mwabwera nacho kuchokera kumacheka, chikadali ndi utuchi. Pofika Novembala zokonza zinachepa.

Koma si Chingelezi chokha chimene ndinabwera nacho kuchokera kumacheka.

Kumeneko pepala la tsiku limayamba ndi deti, kenako mayina a anthu amene abwera kuntchito, ndipo pepala lililonse lili ndi nambala yake pakona. Ndinachita chimodzimodzi. Phunziro lililonse ndinkalemba pamwamba tsiku, ola, dzina la mphunzitsi ndi mayina a ophunzira amene analipo. Bernadetta anandiuza sabata yachiwiri kuti mayinawo ngosafunika, pamayeso safunsa kuti m'kalasi munali ndani. Ndinamuyankha kuti pepala lopanda mutu si pepala. Anangoti chabwino amalume, muzilembanso ntchentche zimene zalowa mochedwa.

Ndinkachitanso monga timawerengera zipika. Mphunzitsi akabwereza mfundo, ndinkaika kamzere m'mbali. Mu Disembala Bernadetta anaona kuti mfundo za timizere titatu ndi zimene zinabwera pamayeso a pakati pa chaka. Anauza mnzake mmodzi, mnzakeyo nkuuza ena. Ophunzira amene poyamba ankandifunsa ngati ndabwera kudzakolopa anayamba kundipatsa moni ndi kupempha kuti aoneko makope. Anandipatsa dzina loti Pulofesa Kaboni. Sindinganame, dzinalo linandikomera. Ndinkawaonetsa.

Za kaboni mboni ndinu. Kumacheka chilichonse timalemba pawiri, pepala limodzi la kuofesi, lina la kusitolo, ndipo dzanja langa silinkadziwa kulemba popanda pepala la kaboni pansi. Ku Zomba kunalibe ofesi yoti ndiziperekako masamba achiwiriwo, ndiye ndinaganiza za inu. Musa, mwana wa a Amadu a golosale ya pa Dedza boma, amafika ku Zomba ndi lole kamodzi pamwezi kudzanyamula katundu wopita kwanuko, ndipo ndinkamupatsira mtolo. Mitolo inakwana isanu. Womaliza ananyamula Lachisanu pa 2 Malichi, ndipo unathera pa tsamba 571.

Bernadetta sindinamuuze. Mukumudziwa mwana wanu, safuna kuonetsedwa kwa anthu. Iye ankayesa kuti masamba achiwiriwo ndimasunga m'sutikesi yanga.

Tsopano ndifike pa nkhani.

Lachiwiri pa 20 Febuluwale, 10 koloko m'mawa, tinali m'phunziro la za chuma. Aphunzitsi ake sindiwatchula dzina, ndingoti aphunzitsi a Lachiwiri. Anali munthu wofatsa, wovala jekete limodzimodzi chaka chonse. Mwa aphunzitsi onse, ndi iwo okha amene ankati akaona kuti ndatsalira, ankavula magalasi nkumawapukuta mpaka ndimalize mzere. Sanandiuzepo kuti akuchitira ine, koma magalasi sada kasanu pa ola limodzi.

Tsikulo analemba manambala awiri pabolodi. Ina inali mtengo umene mlimi amalandira akagulitsa mtedza wake, ina mtengo umene mtedza womwewo umagulidwa ukafika kunja kwa dziko. Anafunsa kuti zapakatizo zimapita kuti. Kenako mnyamata wina wokhala pawindo anayankha ndi mawu anayi, ndipo anthu anaseka. Aphunzitsi sanaseke, koma sanamudzudzulenso. Anafufuta bolodi nkupitiriza phunziro.

Pamene ankafufuta, ine ndinali nditalemba kale. Manambala onse awiri, funso, yankho, ndi dzina la woyankhayo. M'mbali ndinachotsera nambala yaing'ono pa yaikulu, chifukwa ine sindingaone manambala awiri nkuwasiya choncho. Ndinalembanso kuti anaseka anthu 11 mwa 14. Mayina a 14 aja ali pa tsamba 517, zinazo pa 518. Manambalawo ndi mawu anayiwo ndikuwakumbukira, koma muno sindilemba.

Masana ake, pansi pa mtengo paja, Bernadetta atafika pa tsambalo anasiya kuwerenga. Anayang'ana uku ndi uku, nkundiuza motsitsa mawu kuti amalume, ng'ambani ili, ng'ambani ndi linzake la m'sutikesi. Ndinati ndamva. Koma nditagwira kuti nding'ambe, ndinaona kuti 517 ndi 519 zitsala zikuyang'anana popanda chapakati, ndipo mtima wanga sunalole. Ndinati ndichita mawa. Mawa linakhala mawa, mpaka Musa anafika, ine nkumanga mtolo osachotsa kanthu. Kulakwa kwanga kwakukulu ndi kumeneku, achemwali. Zina zonse zachokera pamenepo.

Lachiwiri pa 13 Malichi aphunzitsi a Lachiwiri sanabwere. Tinadikira mphindi 25. Potuluka tinaona kuti pachitseko cha ofesi yawo pali loko watsopano. Palibe amene anafunsa mokweza. Lachitatu utsi unkatuluka kuseri kwa nyumba zogona ophunzira tsiku lonse, anthu akuwotcha mapepala awo.

Lachinayi pa 15, nthawi ya nkhomaliro, amuna awiri anandipeza kuseri kwa khitchini. Anali ovala bwino, nsapato zopanda fumbi, wina wamtali wina wamfupi. Anandipatsa moni waulemu nkufunsa ngati Pulofesa Kaboni ndine. Wamtaliyo anati amva kuti ine ndimalemba zonse, ngakhale mphunzitsi akatsokomola. Anati dziko limafuna anthu akhama otere, ndipo iwo akungofuna kubwereka makope a phunziro la Lachiwiri kuti aoneko pang'ono. Ndinati makope ali kogona atsikana, kumene mwamuna salowa. Chimenecho chinali choona. Anati palibe changu, abwera mawa 9 koloko.

Atapita ndinakhala pamulu wa nkhuni mphindi 40. Ndikanang'amba tsamba limodzi, manambala akanandiulula. Ndikanabisa kope limodzi, makopewo ndinawalemba manambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo maphunziro onse anali osakanikirana motsata masiku, monga timachitira kumacheka. Panalibe poti ndichotse osaoneka. Ndinaganiza za mnyamata wa pawindo, amene bambo ake ndi mlimi ngati ife. Ndinaganizanso kuti mwa mayina 14 aja, loyamba pamndandanda ndi la Bernadetta, popeza ndinkayamba ndi iye.

Ndinatuma mayi wina wosesa kogona atsikana kuti akauze Bernadetta kuti ndikufuna makope onse ndiwakutire zikuto zatsopano. Anapereka osafunsa. Ndinawaponya m'ng'anjo yotenthetsera madzi a kukhitchini 3 koloko itangodutsa ndi mphindi 10. Makope asanu ndi anayi, masamba 634, pamodzi ndi masamba achiwiri a mu Malichi amene anali asanapite kwa inu. Kope silipsa msanga. Umachita kulitakasa ndi mtengo kuti moto ulowe pakati. Ndinamaliza 4 koloko.

Lachisanu anafika pa nthawi yake. Ndinawauza kuti ine ndimathandiza ophika kutola mapepala otha ntchito oyatsira ng'anjo, ndipo dzulo ndinasokoneza makatoni. Ananditengera pagalimoto ku ofesi ina yopanda chikwangwani. Ndinakhalako kuyambira 9 koloko mpaka 4 koloko. Anaona khadi langa la chipani, analemba dzina la mudzi wathu. Makofi anandimenya awiri, la kumanja ndi la kumanzere. Khutu la kumanzere likulirabe, koma ndikumva, musadandaule.

Anandifunsa katatu kuti popeza amanditcha Kaboni, masamba achiwiri ali kuti. Katatu konse ndinati anali m'katoni momwemo. Wamfupi uja anati izi ndi zimene zimachitika munthu wa Sitandade 8 akalowera pawindo ku yunivesite. Ndinati zoona bwana. Anaseka, nkunditulutsa. Ndili m'njira ndinakumbukira kuti mapepala a kaboni otha ntchito, amene amasunga zilembo zonse ukawayang'ana padzuwa, anali pansi pa mphasa yanga. Ndinathamanga kuchokera pa msika mpaka kukhitchini. Ndinawapeza momwe ndinawasiyira, ndipo nawonso anapita m'ng'anjo.

Bernadetta ndinamuuza tsiku lomwelo 5 koloko. Sanalire. Anafunsa kuti onse? Ndinati onse. Anafunsa za a m'sutikesi, ndinati nawonso. Anaika manja ake pamiyendo nkuwayang'ana kanthawi. Kenako anati moto woyamba unabwera wokha iye asakudziwa kanthu, koma wachiwiriwu ndachita kuunyamulira ndine, nditamunamizanso za zikuto. Anaimirira nkumapita.

Kuyambira tsikulo mpaka dzulo, masiku 30, sanandiyankhule kupatula inde ndi ayi. Masabata awiri otsala a teremu ndinamulembera ndithu m'kope latsopano, koma masana pansi pa mtengo sankabwera. Ndinkasiya kope kwa mayi wosesa uja. Pabasi yobwerera kuno anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Pa Balaka ndinamugulira mazira awiri owiritsa, ndinamusendera monga mwa nthawi zonse, ndipo anapatsa mwana wa mayi amene anakhala naye.

Mufunsa kuti bwanji sindinamuuze msanga kuti masamba ali kwa inu. Ndinaona kuti anthu aja akamuitana iye, ndi bwino akanene zoona kuti sakudziwa kanthu. Bernadetta satha kunama, nkhope imamugulitsa. Ndipo ku Zomba masiku amenewo munthu sunkadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli ndani.

Anzake sanamubwereke makope. Ena anali atawotcha awo, ena ankaopa kuoneka ali naye. Sindikuwanena. Aphunzitsi a Lachiwiri sitikudziwa kumene ali. Mnyamata wa pawindo uja akadali m'kalasi. Tsiku lotsekera sanandipatse moni, koma pampando wanga ndinapeza zolembera ziwiri zatsopano.

Loweruka lapitali ndinakalapa za mabodzawo. Bambo mfumu anamvetsera mpaka kumapeto, anandipatsa Atate Athu atatu, nkundiuza kuti tchimo limeneli ndisakalapenso kwina kulikonse.

Tsopano za dzulo.

Anayamba ndi achimwene a Rafaelo. Anati sukulu yakwana pamenepa. Mayeso ayamba pa 25 Juni, mwana alibe chowerenga, akalephera ndipo akamubweza mwamanyazi, kapena anthu a nsapato zija adzabweranso. Anati ayankhula kale ndi masisitere, ndipo atha kumupezera kalasi ya ana aang'ono kuno ku Bembeke. Anati mbumba ndi yawo, ndipo mwana akasowa, amene mudzawafunse ndi iwo, osati ine. Kwa ine anati kulakwa nkwawo, chifukwa anatuma kalaliki wa mitengo kukawerenga anthu, kuiwala kuti chipika sichimangidwa ukachilemba dzina.

Bernadetta anayankha kuti iye sanafike ku Zomba kuti abwerere kudzaimba a e i o u atamangidwa choko kudzanja. Anati akalemba mayeso ndi zimene zili m'mutu. Achimwene anati mutu si nkhokwe, miyezi isanu ya maphunziro siingakwanemo. Iye anati ndiye akalepherere komweko, koma asalepheretsedwe ali pakhonde. Achimwene anati ukuyankha ngati mayi ako. Bernadetta anati zikomo.

Pamenepo ndinapempha kuti ndiyankhule. Ndinayamba ndazungulira nyumba ndi nkhokwe kuona ngati kuli munthu, ndinapeza nkhuku zokha. Nditabwerera ndinawauza za mitolo isanu, za Musa, ndi za inu.

Kenako Bernadetta, osandiyang'ana, anafunsa kuti mpaka tsamba liti. Ndinati 571. Anafunsa kuti nanga lija anati nding'ambe. Ndinati lili komweko. Achimwene anavula chipewa, ananditchula chitsiru kawiri, koma kachiwiriko motsika. Anati ndiye kuti umboni umene ndinamenyedwera makofi kuti kulibe uli m'sutikesi ya mlongo wathu kudziko la eni. Ndinati eya.

Bernadetta anayamba kuseka. Sikunali kuseka kwa chimwemwe kwenikweni, koma kunali koyamba pa masiku 30. Anati ndiye amayi akhala akuzungulira Kitwe yense ndi sukulu yanga kumutu? Anati amalume, inu mukadzafa adzakuikani awiri, wina wa kuofesi wina wa kusitolo. Achimwene anayesa kulimbitsa nkhope koma zinakanika.

Tinagwirizana motere. Sukulu itsegulidwa Lolemba pa 30 Epulo. Masamba akafika kuno pofika Lamulungu pa 29, Bernadetta abwerera ku Zomba ndipo ine ndipita naye. Akapanda kufika, atsala, ndipo nkhani ya masisitere ipitirira. Achimwene anawonjezera kuti asanatiperekeze kokwerera basi adzasecha sutikesi yanga okha, ndipo akadzapezamo kaboni adzandidyetsa.

Choncho nkhani yonse yatsalira inu, achemwali.

M'kalata yanu ya mu Januwale munandiuza kuti masambawo mumasunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo Lamulungu lililonse mumawatulutsa nkuwawerenga manambala ngakhale Chingelezi simuchimva. Munatinso munapita nawo kwa amayi anzanu a kutchalitchi, ndipo mphunzitsi wina woyandikana nanu, wa kwathu konkuno, amakuwerengerani mokweza. Nthawi imeneyo ndinasangalala. Lero ndikupempha kuti zimenezo zithe. Ku Kitwe kuli anthu ambiri ochokera kuno, ndipo si onse amene anapitira mgodi.

Tsegulani mtolo wachisanu. Nambala ili pakona ya kumanja, pamwamba, yozunguliridwa. Mupeze 517 ndi 518. Musawawerenge, musapatse munthu kuti akuwerengereni. Muwawotche ndipo phulusa mulitakase. Ndikudziwa kuti inu kuika chinthu cha Bernadetta pamoto si chapafupi. Ndinakuuzani kale ndipo ndikubwereza, za mu 1959 simunalakwe, munangopita kukatunga madzi monga mayi aliyense. Koma ngati dzanja likana, achite ndi alamu inu mukuona.

Otsalawo muwakulunge m'zovala zakale za ana, monga mumachitira potitumizira. Musa anyamuka pa Dedza Lachitatu pa 18 ndi kalata ino, afika kwanuko cha Loweruka, ndipo abwerera Lachiwiri pa 24. Akuti pa 27 akhala atafika kuno ngati lole siivuta. Iye sadziwa zimene zili m'mitolomo, amangoti ndi mapepala a banja, ndipo zikhale choncho. Musatumize papositi, ngakhale Musa atachedwa.

Chinanso. Ndikufuna kudziwa ngati mtolo wachisanuwo munaonetsa munthu. Musalembe. Ngati simunaonetse, mumange katunduyo ndi chingwe cha khonje. Ngati munaonetsa, mumange ndi nsanza yofiira, ndipo ife tidzadziwa pokonzekera. Musaope kumanga yofiira ngati zili choncho. Wolakwa ndine amene ndinatumiza.

Ndikudziwa kuti ndikukulandani chinthu. Mwanayu munamusiya ali ndi zaka 8, ndipo sukulu yake simunaione ndi maso kupatula m'masamba amenewa. Ndinanena zimenezi dzulo. Bernadetta anati tsamba 1 musunge. Palibe phunziro pamenepo, pali ndondomeko ya masiku ndi Chingelezi changa cha utuchi. Ndiye mwa 571, awiri muwotche, limodzi musunge, 568 abwere.

Masamba a mu Malichi, kuyambira 572 mpaka 634, alibe anzake kulikonse. Chifikireni kuno ndakhala ndikuwalembanso ndekha kuchokera m'mutu, m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda, ndipo ndinafika 19. Lero m'mawa ndili pakhonde, Bernadetta anabwera nkukhala pambali panga. Anawerenga onse 19, anandionetsa molakwika 31, kenako anayamba kunena zimene akukumbukira, ine nkumalemba. Iye amakumbukira mfundo, ine ndimakumbukira tsiku ndi pamene panali timizere. Tawonjezera anayi.

Nditayamba tsamba loyamba dzanja linapita lokha pamwamba. Anandigwira pamkono nkunena kuti mayina ayi. Ndinafunsa za deti. Anaganiza pang'ono, nkunena kuti deti lembani, mungadwale.

Chiyambire pa 16 Malichi sindinagwirenso kaboni. Kalata ino ilibe inzake. Mukatha kuwerenga, ipite limodzi ndi masamba awiri aja. Ndaona kuti pamwamba ndalembanso amene analipo. Ndi chifukwa china choti muiwotche.

Mundiperekere moni kwa alamu a Alufeo, muwauze kuti fodya wawo wa chingambwe ali m'thumba la Musa pamodzi ndi nyemba zanu. Moni kwa ana onse. Achimwene a Rafaelo ndi akazi awo akuti moni, ndipo achimwene akuti musachedwe. Mulungu amene anasunga mwanayu m'moto woyamba akusungeni nonse, ndipo ayendetse bwino lole ya Musa popita ndi pobwera.

Bernadetta wapempha kuti ndimumangirire cholembera. Mzere uli pansi pa dzina langawo ndi dzanja lake.

Ndine mlongo wanu,
Gerevazio.

Amayi, tumizani. Zotsalazo ndi zanga. Bernadetta.

Mzerewo wamutengera mphindi zinayi. Kwa mwanayu ndikadali ndi ngongole ya masamba. A mu Malichi anali 63, talembanso 23, atsala 40. Kuwonjeza awiri amene muwotche, omwe sindidzabweza, onse pamodzi ndi 42.